Ine Si Khoswe Wawo

Lachiwiri, pa 7

...ndiye ndawauza a Buledi kuti asandiyese, ine kulemba ndimatha. Sukulu ndinaisiya ndekha, sinandithamangitse ayi. Iwo akuti, "Dzanja lakolo likunjenjemera ngati la nkhalamba, sungadzaze ndi tsamba limodzi lomwe." Tsamba lake ndi lino, bambo. Mudzawerenge mukachira.

A Buledi ndi a pabedi la kumanja kwanga. Amagwira ntchito yophika buledi, ndipo anagwa pafupi ndi uvuni tsiku lomwe ine ndinagwa padenga. Kutentha kwa sabata yathayi kunatitola awiri. Iwo lilime linalemera, ndipo mutu umapita nkubwera. Mmawa amandinyoza bwinobwino, masana amafunsa anesi ngati mtanda wafufuma.

Ine ndimakhoma madenga ndi achimwene anga. Zaka zisanu ndi chimodzi, sindinaterereke ndi kamodzi komwe. Ndimayenda pamwamba penipeni pa denga lata lili m'manja, ndikuimba likhweru. Lachinayi lapitali malata anatentha moti ukalavula malovu ankalira. Achimwene anati titsike. Ine ndinati otsika ndi okalamba. Akuti kenako ndinasiya kutuluka thukuta, nkuyamba kutukwana hamala, nkugona pomwepo pamalata. Ananditsitsa ndi chingwe ngati thumba la simenti.

Zomwe andiuza a Sisita, nesi wamkulu wa wodi ino: ndinafika thupi litatentha 41.6. Anandivula, anandikutira ndi nsalu zonyowa, ayezi m'khwapa ndi m'mphechepeche, mafani awiri. Ndinadzuka Loweruka. Dilipi matumba khumi ndi anayi kufika lero. Mkodzo unali ngati tiyi wopanda mkaka, tsopano wayamba kuyera. Magazi amanditenga mmawa uliwonse, ati akuona impso ndi chiwindi. Ndafunsa kuti magazi onsewa akupita nawo kuti, popeza impso ndi ziwiri zokha. A Sisita akuti, "Tikumwera tiyi." Ndawaseka, koma funso langa sanayankhe.

Lachitatu, pa 8

Kutentha 37.4. Paipi ya mkodzo achotsa. Ndayenda ndekha kupita kuchimbudzi, khoma likundithandiza pang'ono.

Masana anandilowetsa m'makina ojambula m'mutu. Phokoso ngati anthu khumi akukhoma lata limodzi. Zotsatira sanandionetse. Madokotala anakauzana okha pakhonde.

Dokotala wa wodi ino ndamupatsa dzina loti Wothamanga, chifukwa salankhula ataima. Amayamba ndi a Buledi, kenako ine. Gwira mphuno yako, gwira chala changa. Yenda pamzere wa matailosi, chidendene kutsogolo kwa zala. Sunga mawu asanu awa, ndikufunsa ndikamaliza. Mphuno ndinaiphonya kawiri, ndinagwira tsaya. Pa mawu asanu ndinakumbuka awiri. Analemba kenakake pafailo, atabisa ndi dzanja.

Pali china chimene sindinamuuze. Zala zake ndimaziona ziwiri pamene wakweza chimodzi. Ndikatsinzina diso lakumanzere zimabwerera pamodzi. Ndi kutopa chabe.

Lachinayi, pa 9

Lero ndiye kwabwera nkhani.

Cha m'ma teni kunabwera dokotala wina wamkazi, wamagalasi, wosathamanga. Anakoka mpando nkukhala pakati pa bedi langa ndi la a Buledi. Munthu wa chipatala akakhala pansi nkukufunsa kuti wagona bwanji, dziwa kuti pali chimene akufuna. Amayi analipo, anabwera ndi mpunga ndi mazira owiritsa. Mkazi wa a Buledi analiponso.

Akuti kutentha kukapyola muyeso kumapsereza ubongo, makamaka kachigawo ka kunkhongo kamene kamaongolera kuyenda ndi manja. Akuti iwo akuchita kafukufuku. Ali ndi thanki yachitsulo kuchipinda cha pansi. Amakulowetsamo, amatseka, amapopera mpweya mpaka ukupanikize ngati uli pansi pa madzi akuya, iwe nkumapuma okosijeni yekhayekha kwa ola limodzi ndi theka. Kakhumi, kamodzi patsiku. Koma uyenera kuyamba masiku khumi asanathe chigwereni. Kwa ife tsiku lomaliza ndi Lamlungu.

Ndinafunsa kuti, "Achira angati?"

Anati, "Anthu sitikudziwa. Nchifukwa chake tikufufuza. Zimene tikudziwa nza makoswe."

"Makoswe ati?"

Anafotokoza osaphethira nkomwe. Akuti ofufuza ena anaika makoswe m'bokosi lotentha mpaka anakomoka, ena nkuwaika m'kathanki kakang'ono, ena ayi. A m'kathanki aja ubongo sunatupe kwambiri ndipo anakhalitsa moyo kuposa anzawo.

Ndinati, "Dikirani kaye, adokotala. Makoswewo anagwa okha padenga, kapena anawaotcha dala?"

"Dala."

"Ndiye ubongo wawowo anauona bwanji kuti sunatupe? Anawafunsa?"

Anachotsa magalasi. "Anawang'amba."

Amayi ananditsina pantchafu. "Iwe, ulemu."

Sizinathere pomwepo. Akuti mwa olowa m'thankimo, theka amalandira mpweya weniweniwo, theka amangokhalamo ndi mpweya wamba wopanikiza pang'ono, ndipo wodwala sauzidwa kuti ali mbali iti. Ngakhale iwo eni ake sadziwa, amasankha ndi kompyuta. Ndinati ndiye ndi juga imeneyo. Anati inde, pang'ono, koma ndi njira yokhayo yodziwira ngati thankiyo imathandizadi. Anatchulanso zoopsa zake: makutu kuwawa, nthawi zina kuphulika mkati, ena kukomoka ngati akhunyu. Mafuta odzola ayi, foni ayi, machesi ayi, chifukwa moto ukabuka m'menemo suzimitsika.

Munthu wogulitsa katundu nkumatchula yekha zilema zake? Pamenepo mpamene ndinachenjera kwambiri. Ndiye kuti chilema chachikulu chenichenicho wachibisa.

Anasiya fomu ya masamba asanu ndi limodzi. Anati palibe wokakamiza. Kuyambira lero dzina lawo ndi Mayi Makoswe.

Lachisanu, pa 10

Kutentha 37.0. Impso ati zikubwerera. Dilipi yatha, koma dzanja lamanzere latupa pomwe panali singano.

Fomu ya a Buledi asaina ndi akazi awo. Mayi Makoswe anawafunsa a Bulediwo katatu ngati amva, iwo nkumayankha za ufa. Ndiye anati popeza mwini wake sangathe kusankha, asankhe wachibale. Mkazi uja anasaina akulira.

Ndaona mmene zimayendera. Mutu wako akaupeza kuti ndi wosokonekera, cholembera amapatsa wachibale. Wachibale wanga ndi amayi, ndipo amayi dokotala atawauza kuti ameze supuni angafunse kuti ya tiyi kapena yaikulu. Dzulo lomwelo anali atayamba kale: "Mwanawe, anthu ophunzira akufuna kukuthandiza." Ndinawafunsa Mayi Makoswe maso ndi maso ngati amayi angandisainire. Anati ayi, iwe ukumva zonse, usankha wekha. Lero akutero. Nanga Wothamanga akalembanso kawiri pafailo paja kuti ndaphonya mphuno?

Ndiye ndakonza zanga. Wothamanga ali ndi kakhadi kamodzi kokha m'thumba, ndipo mawu asanu aja sasintha: mpando, lalanje, mtsinje, chipewa, belu. Ndinawamva akuuza a Buledi, nkuwalemba kunsi kwa chitsulo cha bedi. Mphuno ndikuyeserera ndikafunda bulangeti. Za maso nzosavuta. Wodi yonse ikudziwa kuti ine ndimasereula anesi, ndiye akati gwira chala changa, ndimatsinzinira nesi amene waima kumbuyo kwake, chala nkukhala chimodzi, ine gwi! A Sisita akuti, "Mwana uyu ngakhale m'bokosi adzatsinzinira oimba nyimbo." Wodi yonse kuseka. Wothamanga analemba kuti ndikuchira msanga.

Masana ndinatsatira a Buledi akuwakankha panjinga ya odwala mpaka pansi, ndikunamizira kuti ndikuwongola miyendo. Thankiyo ndaiona. Yoyera, yaitali ngati ya madzi yogoneka, timawindo tozungulira, chitseko chokhuthala ngati cha sefa ya kubanki. Anawaveka chovala cha thonje nkuwalowetsa chogona. Chitseko chimatsekedwa ndi wa kunja. Chogwirira cha mkati sindinachione.

A Buledi anabwerako atagwira makutu. Ndinawafunsa kuti mwaona chiyani kumwezi. Anati, "Muli bata. Ndagona."

Loweruka, pa 11

Mutu ukuwawa kunkhongo. Ndasanza kawiri. Ndauza a Sisita kuti ndi mazira a dzana.

Amayi abwera ndi nthochi. Fomu anaitulutsa m'kabati nkuiika pa pilo. Ndaibwezera m'kabati.

Mizere ya m'buku lino ikuoneka iwiriiwiri. Basi kaye.

Lamlungu, pa 12

Ndadzuka bwinoko. Kutentha 36.8.

Mayi Makoswe abwera ngakhale lero si la ntchito, atavala diresi la kunyumba. Mukuona? Munthu wosafuna kanthu sabwera Lamlungu.

Anati, "Lero ndi lomaliza. Koma failo yako ikuti wachira pafupifupi zonse, ndipo ife timatenga okhawo amene akadali ndi vuto. Mwina sukufunikanso thanki."

Ndinati, "Mwaonatu. Khoswe uyu wadzichiritsa yekha."

Sanaseke. Anandiyang'ana m'maso nkunena kuti, "Chithunzi cha m'mutu mwako ndachiona. Munthu wa chithunzi chimenecho kawirikawiri sayenda pamzere msanga chonchi. Palibe chizungulire? Zinthu suziona ziwiriziwiri?"

"Ndikuona dokotala mmodzi, wokongola."

"Diso lakumanzerelo umalitsinzina kawirikawiri."

"Ndi chibadwa, adokotala. Funsani atsikana a kwathu."

Anati ndikakana thanki palibe mlandu, iwonso sangalumbire kuti imathandiza, koma ndisabise zizindikiro chifukwa ntchito yanga ndi ya pamwamba. Mawu okoma. Ndikanangoti inde ndikuona ziwiri, fomu ija ikanatuluka m'kabati yokha.

Madzulo kunabwera achimwene, atapsa ndi dzuwa, ndi malalanje m'jumbo. Achimwene salankhula zambiri, mawu onse a m'banja mwathu anatengera ine. Akuti apeza ntchito yaikulu, nyumba yosungiramo katundu, yaitali ngati nyumba ziwiri zosanjikizana, malata a mamita asanu ndi limodzi. Kuyamba Lolemba la sabata ya mawa. Lata lotalika choncho munthu mmodzi sanyamula. Wina kutsogolo, wina kumbuyo, nonse kuyenda pathabwa limodzi, ndipo mphepo ikawomba mumadalirana. Mmodzi akapendekeka, lata limakokera mnzake pansi.

Anati, "Ndipeze wina?"

Ndinati, "Wina wake uti? Amene angakugwetseni tsiku loyamba?"

"Mutu uli bwino?"

"Funsani failo."

Anagwedeza mutu. "Ukabwere ndi kalata ya dokotala. Popanda kalata sukwera." Anandisendera lalanje ngati ndili mwana.

Lolemba, pa 13

Mpando, lalanje, mtsinje, chipewa, belu. Asanu onse. Mphuno katatu osaphonya. Pamzere ndinayenda diso limodzi lili kwa nesi watsopano, ndipo anachita manyazi mpaka anagwetsa failo. Wothamanga akuti ndikadzakhozanso mawa, Lachitatu ndituluka.

Magazi ali bwino. Ndafunsanso komwe amapita. A Sisita akuti ndikawapeza kumwamba.

Masiku khumi aja adutsa. Fomu ndapangira kandege, ndaponyera a Buledi.

Lachiwiri, pa 14

A Buledi alowa m'thanki kasanu tsopano. Ndakhala ndikuwayang'anitsitsa ngati wapolisi. Khutu lakumanja likuwawawa, awapatsa mankhwala odonthezera. Za uvuni sanafunse kuyambira Lamlungu. Lero agwira okha kapu ya tiyi, theka latayikira pabulangeti, theka amwa. Mkazi wawo akuti ndi thanki. Ndinafunsa Mayi Makoswe pamene ankadutsa. Akuti mwina ndi thanki, mwina akanachira choncho ngakhale popanda, mwinanso ali m'gulu la mpweya wamba. Mayi ameneyu sakupatsa pogwira. Ukafuna kumugwira bodza amayamba iye kunena kuti sakudziwa.

A Buledi anandifunsa kuti, "Iwe mnyamata, bwanji usiku umayenda chogwira mabedi, mmawa pamaso pa dokotala nkumayenda ngati msilikali?"

Ndinati, "Inu bambo, dzulo lomweli mumayesa a Sisita ndi thumba la ufa, lero mwakhala mboni?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Koma anati, "Ine ndinagwa pansi ndili pansi kale. Iwe ukagwa uchokera kutali."

Kalata yasainidwa. Akuti ndingabwerere kuntchito pakatha masiku asanu, ndizimwa madzi ambiri, ndizipewa dzuwa la masana. Yadindidwa ndi chidindo chofiirira. Ndapambana.

Lachitatu, pa 15

Sindinatuluke.

Lachinayi, pa 16

Ndilembe mmene zinayendera, dzulo dzanja linakana.

Achimwene anabwera kudzanditenga cha m'ma leveni, atachokera kuntchito, chikwama cha zida chili paphewa. Amayi anali atamanga kale katundu. Pakhonde la wodi pali benchi pomwe amakhala odikirira odwala, thabwa lake limodzi linazuka, limatsina anthu. A Sisita anati, "Iwe wakhala ukutibowa sabata yonse kuti ndiwe katswiri wa hamala. Usanapite tikhomere benchi iyi, tione."

Anthu anasonkhana. A Buledi anawatulutsa panjinga kuti adzaonere. Achimwene anatulutsa hamala ndi msomali wa mainchesi anayi. Dzanja langa lamanzere likadali lotupa, silipinda bwino, ndiye anati, "Ndikugwirira," nkugwada, msomali uli pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Takhala tikutero kambirimbiri m'malo opanikiza. Sanayang'ane ndi hamala yomwe, ankayang'ana a Sisita akuseka.

Ndinakweza hamala. Nditati nditsinzine, ndinaona Mayi Makoswe ataima pakhomo la wodi, manja m'matumba, maso ali pa diso langa lakumanzere. Sanali kuyang'ana benchi ngati anzawo.

Ndinasiya maso onse awiri ali otsegula. Misomali inali iwiri, zala za achimwene zinali zinayi. Ndinasankha wa kumanja. Ndipo sindinagogode pang'ono kaye monga timachitira, ndinafuna ulowe ndi kumenya kumodzi kuti khonde lonse liombe m'manja.

Achimwene sanakuwe. Anangoti "hm," nkukhala pansi, dzanja atalipana pakati pa mawondo. Magazi anadontha pa simenti. Chikhadabo chinatsala pathabwa.

Anawajambula. Chala chachikulu cha dzanja lamanja chathyoka pawiri. Pulasitala masabata asanu ndi limodzi. Ntchito ya Lolemba ija apatsa anthu ena.

Ali kojambulitsa, ine ndinapita ndekha kwa Mayi Makoswe, chogwira khoma, osabisanso. Ndinawauza za maso, za kusanza, za mawu a kunsi kwa bedi. Anaitana Wothamanga, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamuona ataima. Anagwada nkusuzumira kunsi kwa chitsulo, anawerenga mawu ake asanu m'zilembo zanga zokhotakhota. Anatulutsa khadi lina m'kabati ya a Sisita, anandimata diso lililonse palokha, kenako onse awiri otsegula. Mawu atsopano ndinakumbuka awiri. Pamzere ndinaponda katatu nkugwera pabedi la a Buledi. Kalata ija anaitenga.

Ndinafunsa Mayi Makoswe kuti, "Nanga thanki ija?"

Anati, "Masiku anadutsa. Malamulo a kafukufuku sindingawapinde."

"Ndikanalowa ndikanachira?"

"Sindikudziwa."

"Inu mumadziwa chiyani kodi?"

"Ndikudziwa kuti padenga sukwera chaka chino. Mwina maso abwerera, ambiri amabwerera pang'onopang'ono. Miyendo tiona." Mawa ndiyamba masewero olimbitsa thupi kuchipinda cha kumapeto, kawiri patsiku, ndipo Lolemba ndikaonana ndi dokotala wa maso. Pakadali pano andimata kansalu pa diso lakumanzere. A Sisita akuti bola, anesi apumako. Sanaseke ndi mtima wonse, benchi ija inali nzeru yawo. Ndawauza kuti iwo alibe mlandu.

Achimwene abwera lero masana, dzanja lili pachifuwa m'nsalu. Amayi anatuluka dala. Achimwene anakhala pampando. Ndinayesa kuti, "Bola tsopano mupumako, munakalamba kale." Sizinagwire.

Anati, "Lolemba ukanakwera?"

Ndinati, "Ndikanakwera."

"Kutsogolo kapena kumbuyo kwa lata?"

"Kutsogolo. Ngati nthawi zonse."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ana awo ndi atatu, wamng'ono sanayambe kuyenda. Sanawatchule. Anatulutsa lalanje m'thumba, anayesa kulisenda ndi dzanja limodzi, linakana. Anandipatsa. Ndinawasendera, tinadya.

Za thanki ija musandifunse, mpaka lero sindikuikhulupirira. Chitseko chopanda chogwirira mkati ine ayi, ndipo makoswe aja palibe amene anawapatsa fomu. Atabweranso nayo mwina ndingakanenso. Kukana kunali kwanga, Mayi Makoswe ananena okha. Pamenepo sindipepesa munthu.

Pamene ndinalakwa ndi pabenchi. Hamala ili m'mwamba ndinaona misomali iwiri, ndipo ndinadziwa kuti umodzi ndi wabodza. Panali nthawi yokwanira kunena kuti achimwene chotsani dzanja. Ndinamenyabe.